Ngozi ikamusiya wamoyo, tisamutsirize ndi manja athu

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi anthu akuno ku Salima komanso abale athu a ku Nkhotakota pa nkhani ya kuvulala mutu ndi msana. Ndife ogwira ntchito zachipatala. Mawu ena m'kalatayi akupita kwa anzathu a m'zipatala zing'onozing'ono, komabe aliyense awerenge, poti wovulala amadutsa m'manja mwa tonsefe.

Ovulala oterewa kuno sasowa. Misewu ya M5, wodutsa ku Chipoka, Khombedza, Benga mpaka ku Dwangwa, ndi M14 wopita ku Lilongwe, yadzaza ndi njinga zamoto za kabaza, malole onyamula anthu pamwamba pa matumba, ndi ngolo zoyenda usiku zopanda nyali. Mango akayamba kupsa ana amagwa m'mitengo. Dzinja likafika makoma a zidina amagwera anthu ali mtulo. Kunyanja anyamata amadumphira chamutu pamalo osaya, mutu n'kukagunda mchenga, khosi n'kuthyoka. Ena ndi ovulazana pa ndewu za pamowa.

Makina a CT scan ounikira mkati mwa mutu, ndi madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi msana, amene tili nawo pafupi ali ku Lilongwe, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ndi ku LION, chipatala cha mafupa ndi opaleshoni ya ubongo chomwe chili pambali pake. Kuchoka pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 100, pa boma la Nkhotakota pafupifupi 200. Ndiye maola oyamba wovulala amakhala m'manja mwa odutsa m'njira, a kabaza, achibale ndi namwino wa pachipatala chapafupi.

Ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana zimavulala kawiri. Koyamba ndi pangozi pomwepo, mutu ukamenyetseka paphula. Kumeneko kwachitika kwachitika, palibe dokotala angakubweze. Kwachiwiri kumabwera pambuyo, munthu akasowa mpweya poti lilime kapena masanzi zatseka kukhosi, BP ikatsika chifukwa chotaya magazi, magazi akamaunjikana m'chigaza wina osazindikira, kapena fupa lothyoka la m'khosi likasuntha pomunyamula. Kuvulala kwachiwiriku n'kopeweka, ndipo n'kumene kumatilanda anthu amene akanachira.

Tiyambe ndi kanyamulidwe. Ngozi ikachitika pamsika wa m'mbali mwa msewu, anthu amakhamukirapo ndi mtima wabwino ndithu. Wina wagwira manja, wina miyendo, mutu uli lende ukugwedezeka uku ndi uku. Kenako amamukhazika tsonga pa njinga yamoto ina, pakati pa woyendetsa ndi mnzake womugwirizira kumbuyo, n'kuliyatsa liwiro m'mabampu. M'khosi muli timafupa 7 tosanjikizana, ndipo pakati pake pamadutsa mtsempha wofewa, kukula kwake kosaposa chala cha kaniche. Fupa limatha kuthyoka mtsemphawo uli bwinobwino, munthu akulankhula ndi kugwedeza zala. Khosi likapindika kamodzi kokha, chidutswa cha fupa chimaponda mtsempha, ndipo amene anagwa akugwedeza miyendo amakafika kuchipatala atafa ziwalo. Mtsemphawu ukaduka sulumikizikanso.

Aliyense amene wakomoka pangozi, amene akudandaula khosi kapena msana, amene akumva dzanzi kapena kufooka m'manja ndi m'miyendo, amene waledzera moti sangafotokoze bwino, kapena wagwa kuchokera patali kuposa msinkhu wake, mutengeni ngati wathyoka khosi mpaka achipatala atanena kuti ayi. Munthu mmodzi agwade kumutu kwake, aike zikhatho mbali zonse ziwiri za mutu, zigongono atatsamiritsa pansi, ndipo asasiye mpaka kukafika. Asakoke khosi, asaliwongole mokakamiza. Wovulala akamaliza mkonono si tulo ayi, ndi lilime lagwera kukhosi. Musabwezere mutu kumbuyo. Ikani zala kuseri kwa nsagwada, m'munsi mwa makutu, n'kukankhira nsagwadazo kutsogolo. Mkonono ukasiya iye akupumabe, ndiye kuti mpweya wayamba kudutsa. Musamulowetse supuni m'kamwa, musamuthire madzi kumaso kuti atsitsimuke, musamumwetse madzi, Fanta kapena mkaka. Wokomoka satha kumeza, ndipo chimene mwamumwetsacho chimakathera m'mapapo.

Pomusamutsa pamafunika anthu anayi, wachisanu wogwira chitseko kapena thabwa lalikulu. Wakumutu ndiye mtsogoleri, ndiye awerenge. Wachiwiri agwire phewa ndi chifuwa, wachitatu chiuno, wachinayi miyendo. Akawerenga kufika patatu, onse amutembenuzire chammbali nthawi imodzi, mphuno, chibwano ndi mchombo zili pamzere umodzi, chitseko chilowe kumsana, n'kumubweza. Mangani ndi zitenje pachifuwa, m'chiuno ndi m'maondo kaye, mutu pomaliza. Mukamanga mutu wokha, thupi limagwedezeka m'galimoto n'kupotokola khosi lomwelo. Mbali zonse za mutu tsirani ndi zitenje zokulunga kapena timajumbo ta mchenga. Akayamba kusanza, pendeketsani chitseko chonse, osati mutu wokha. Kumbuyo kwa pikapu kapena lole, pamene angagone chowongoka, n'kwabwino kuposa mpando wa galimoto yaing'ono. Ngati wavala helemeti ndipo akupuma bwino, isiyeni. Ivulidwe pokhapokha ikutchinga kupuma kapena akusanza, ndipo ovula akhale awiri, wina atachirikiza khosi ndi nsagwada kuchokera pansi.

Khungu la m'mutu limatulutsa magazi ambiri, moti mwana akhoza kufa ndi bala la pamutu lokha. Dinikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Mukamva kuti fupa lalowa mkati, dinikizani m'mphepete mwa balalo, osati pakati. Dothi, phulusa, fodya kapena masamba otafuna musaikepo, zimabweretsa kafumbata ndi mafinya a muubongo. Mpeni kapena chitsulo chikatsalira m'mutu chisazulidwe. Wina ayang'ane nthawi pa foni n'kuisunga: ngozi yachitika nthawi yanji, anakomoka mphindi zingati, analankhulako kapena ayi, anagwedeza miyendo kapena ayi. Mayankho amenewa kwa ife ndi ofunika kuposa nkhani yoti wolakwa ndani. Ndipo thamangirani kuchipatala kaye, kalata ya kupolisi wina akatenge pambuyo.

Pali mawu amene apha anthu ambiri m'midzi mwathu: "Wangoledzera uyu, musiyeni agone, mawa adzuka." Pa litsipa, kutsogolo kwa khutu chakumtunda, fupa la chigaza ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi othamanga. Fupali likang'aluka mtsemphawo umang'ambika, magazi n'kumaunjikana pakati pa fupa ndi chikopa chokuta ubongo. Munthu amakomoka pang'ono, amatsitsimuka, amaimirira, mwina n'kukanganako ndi wa kabaza za ndalama, n'kupita kwawo akuyenda yekha. Koma chigaza cha munthu wamkulu sichifutukuka, ndipo mkati mwake ndi modzaza kale ndi ubongo, magazi ndi madzi ake. Magazi oundana opitirira mamililita 30, masupuni aakulu awiri okha, ndi okwanira kuti dokotala atsegule chigaza. Mutu umanka nupwetekera, amasanza, amayamba kuwodzera, kenako sadzutsikanso, ndipo zonsezi zimatha kuchitika m'maola ochepa. Chowawa n'chakuti ubongo wa munthu ameneyu nthawi zambiri umakhala usanawonongeke. Magaziwo akachotsedwa msanga amachira n'kubwerera kumunda kwake. Fungo la kachasu lisatipusitse. Woledzera amanka natsitsimuka maola akamapita, pamene wamagazi m'mutu amanka nalowa pansi, ndipo kusiyana kumeneku kumaoneka kwa yekhayo amene akumudzutsadzutsa.

Amene wabwezedwa kunyumba atavulala pang'ono asakhale yekha maola 48 oyamba. Kugona n'kololedwa, koma womusamalira amudzutse maola awiri kapena atatu aliwonse usiku woyamba, amufunse dzina lake ndi komwe ali. Bwererani naye msanga akasanza koposa kamodzi, mutu ukamapitirira kuwawa, akamasokonekera kapena kulusa mosiyana ndi khalidwe lake, akagwa ngati wakhunyu, mkono kapena mwendo ukafooka, akamaona zinthu ziwiriziwiri, kapena m'mphuno ndi m'khutu mukamatuluka magazi kapena madzi oyera. Khutu lotero musalitseke ndi thonje. Kwa khanda yang'anani liwombo lotukuka, kukana bere ndi kulira kosatonthozeka. Mankhwala a ululu akhale panado. Asipilini, bulufeni, indosidi ndi diclofenac zimachedwetsa kuundana kwa magazi, ndiye zipeweni masiku oyambawo. Mowa ayi, kuyendetsa njinga yamoto ayi, mpira ayi, mpaka mutu ndi chizungulire zitatheratu.

Kwa anzathu a m'zipatala, pempho loyamba ndi lakuti tizilemba manambala. Kungolemba kuti wodwala wakomoka pang'ono sikumuthandiza wokamulandira ku Lilongwe. Muyeso wa kukomoka wa Glasgow Coma Scale, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaufalitsa mu 1974, sufuna makina. Pa maso, kutsegula yekha ndi 4, akaitanidwa 3, akamva kuwawa 2, osatsegula 1. Pa kulankhula, zomveka ndipo akudziwa komwe ali ndi 5, zosokonekera 4, mawu apatalipatali osagwirizana 3, kubuula 2, zii 1. Pa kugwedeza thupi, kuchita zimene wauzidwa ndi 6, kulondola ndi dzanja pamene pakuwawa 5, kuthawitsa dzanja 4, kupinda mikono mouma 3, kuitambasula mouma 2, osagwedezeka 1. Zonse pamodzi zimayambira 3 kulekezera 15. Wa 13 mpaka 15 wavulala pang'ono, wa 9 mpaka 12 mwapakati, wa 8 kutsika pansi kwambiri, ndipo wotereyu sangateteze yekha njira yake ya mpweya. Tilembe zigawo zitatuzo padera, ndi nthawi yake, m'buku la wodwala. Nambala ya ulendo umodzi siuza zambiri, chofunika ndi komwe ikulowera. Tiyeze mphindi 30 zilizonse mpaka afike 15, kenako mphindi 30 zilizonse kwa maola 2, ola lililonse kwa maola 4, pambuyo pake maola 2 aliwonse. Ikatsika ndi 2, kapena ndi 1 pa gawo la kugwedeza thupi, m'mutumo mwasintha kanthu. Tisadikire kuti kuche.

Tochi ya pafoni ndi yokwanira kuyezera mwana wa diso. Tsegulani zikope zonse ziwiri, yerekezani kukula, walitsani kuchokera chakumbali. Mwana wa diso wa mbali imodzi akakula n'kusiya kuchepa pa kuwala, uku mkono ndi mwendo wa mbali inayo zikufooka, ubongo ukukankhidwira pansi, ndipo magazi nthawi zambiri amakhala mbali ya diso lakulalo. BP yokwera, mtima wogunda pang'onopang'ono ndi kupuma kodukizadukiza zimabwera zinthu zitafika kale poipa. Kwa ana aang'ono osalankhula, ambirife tinazolowera Blantyre Coma Score yolekezera pa 5, imene inapangidwira malungo a muubongo. Igwiritseni ntchito, kungoti mulembe kuti mwayezera imeneyo. Ndipo kuno kunyanja tichenjere, chifukwa ana ambiri amapezeka ndi malungo pa kachipangizo koyezera ngakhale asakudwala. Mwana wagwa mumtengo wa mango, wakomoka, kachipangizo kaonetsa mizere iwiri. Mupatseni artesunate, inde, koma musakhutire poti ndi malungo. Mupapaseni mutu wonse, suzumirani m'makutu ndi kuseri kwake, ndipo mumutumize ngati wovulala mutu.

Zimene ubongo wovulala supirira ndi kuchepa kwa mpweya ndi kutsika kwa BP. Nambala yapamwamba ya BP ikatsika pansi pa 90 ngakhale kamodzi kokha, chiopsezo choti wovulala kwambiri amwalire chimawirikiza pafupifupi kawiri, ndiye kwa wamkulu tiyesetse ikhale 110 kapena kuposa. Okosijeni wa m'magazi akhale 94 pa 100 kupita m'mwamba. Dilipi ikhale ya normal saline. Ya shuga ya dextrose 5% madzi ake amalowerera muubongo n'kuwonjezera kutupa, isaikidwe. Shuga ayezedwe, ndipo aperekedwe pokhapokha watsikadi. Paja munthu wamkulu BP yake siitsika chifukwa cha magazi a m'chigaza, malo ake ndi ochepa. Ikatsika funani kwina: m'mimba, m'chifuwa, m'chiuno, m'ntchafu, kapena bala la pamutu limene silinasokedwe. BP ikakhazikika kwezani kumutu kwa bedi madigiri 30, ndipo ngati msana ukukayikitsa kwezani bedi lonse poika njerwa kumiyendo yake yakumutu, wodwala ali chowongoka. Kolala ya m'khosi isathine mpaka kutsamwitsa mitsempha yobweza magazi kuchoka kumutu.

Tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, ndi wotsika mtengo, ndipo ambirife timamudziwira ku mateniti. Kafukufuku wamkulu wa CRASH-3, wofalitsidwa mu 2019, anasonyeza kuti akaperekedwa maola 3 asanathe amachepetsa imfa kwa ovulala mutu amene sanafike pokomokeratu. Popanda CT scan, mupatseni aliyense amene ali pa 12 kutsika pansi pa muyeso wa Glasgow, galamu 1 mumtsempha kwa mphindi 10, kenako galamu ina m'dilipi kwa maola 8. Apa m'pamene nthawi ija yosungidwa pa foni imagwira ntchito. Mankhwala a gulu la steroid, monga dexamethasone ndi hydrocortisone, asaperekedwe pofuna kuphwetsa ubongo. Kafukufuku wa CRASH wa 2004, wa anthu oposa 10,000, anapeza kuti olandira mankhwala a gululi anamwalira ambiri kuposa osalandira, ndipo n'zodandaulitsa kuti chizolowezi chowapereka sichinatheretu. Mannitol sachiza, amangophwetsa ubongo kwa maola ochepa kuti wodwala akafike ku fiyeta. Aperekedwe pamene mwana wa diso wakula kapena nambala ya Glasgow ikutsika mofulumira, galamu 0.5 mpaka 1 pa kilogalamu. Ndiye kuti munthu wa makilogalamu 60 alandire mamililita 150 mpaka 300 a mannitol wa 20% kwa mphindi 15 mpaka 20, paipi ya mkodzo italowa kale. Kwa amene BP yatsika, mannitol amangoitsitsiratu. Akagwa khunyu, diazepam mamiligalamu 10 mumtsempha pang'onopang'ono mukuyang'ana kupuma, kenako phenytoin mamiligalamu 15 mpaka 20 pa kilogalamu mu saline, osapitirira mamiligalamu 50 pa mphindi, kapena phenobarbitone ngati ndi amene alipo. Koma wodwala wongophiriphitha ndi kuzula dilipi tisamugonetse ndi diazepam tisanafufuze chifukwa chake. Kawirikawiri ndi mpweya wochepa, chikhodzodzo chodzaza kapena ululu wa fupa lothyoka, ndipo tikamugonetsa sitidziwanso ngati akulowa pansi.

Maso onse awiri akada mozungulira, kuseri kwa khutu kukada ndi magazi oundana pansi pa khungu, kapena madzi oyera akamadontha m'mphuno, ndiye kuti fupa la pansi pa chigaza lasweka. Wotereyu paipi ya m'mimba ilowere pakamwa, chifukwa ya m'mphuno ikhoza kubowolera muubongo. X-ray ya mutu imaonetsa fupa, magazi siionetsa, ndiye ikatuluka bwino tisamuuze munthu kuti ali bwino. Woyenera CT scan ndi amene wafika ali pansi pa 13 pa muyeso wa Glasgow, amene sanafike 15 patatha maola 2, wosweka chigaza, wogwa khunyu, wofooka mbali imodzi, wosanza koposa kamodzi, womwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana), komanso wa zaka 65 kupita m'mwamba amene anakomokako. Imbani foni kaye kwa okamulandira. M'ambulansi mukhale namwino ali ndi okosijeni ndi chopopera masanzi, atakhala kumbuyo ndi wodwala osati kutsogolo ndi dalaivala.

Inu achibale, dokotala akanena kuti mutu utsegulidwe, dziwani kuti nthawi yatha kale. Mwambo wathu timaudziwa ndipo timaulemekeza, kuti nkhani yaikulu imadikira malume, mwini mbumba. Muwaimbire foni muli m'njira, mugwirizane musanafike. Musadikire kuti akwere minibasi kuchokera ku Thavite kapena kwa Mwansambo. Opaleshoniyi si yodula ubongo. Amatsegula chidutswa cha fupa, amachotsa magazi oundana, amatseka mtsempha wodontha, n'kubwezeretsa fupalo. Ubongo ukatupa kwambiri amalisiya kaye, n'kudzatseka malowo pambuyo kutupa kutatha.

Palinso magazi ena amene amabisala milungu ingapo. Agogo aterereka pachitsime kapena agunda mutu pakhomo, n'kuiwala. Ubongo wa okalamba ndi wa omwa mowa kwambiri umanyala pang'ono, timitsempha tolumikiza ubongo ndi chikopa chake timakokeka, ndipo timaduka ndi kugunda kochepa. Magazi amadontha pang'onopang'ono. Patapita milungu itatu kapena miyezi iwiri, agogo aja ayamba kuiwala, kuyenda modzandira, kukodzedwa, kukoka mwendo, lero ali bwino mawa asokonekera. Pamudzi pamamveka za sitiroko, za ukalamba, mwinanso za kulodzedwa, ndipo ena amakawatemetsa mphini. Chonsecho vutoli ndi limodzi mwa ochizika mosavuta. Amabowola kabowo kamodzi kapena tiwiri pa chigaza, magazi osungunukawo n'kutuluka, ndipo ambiri m'masiku ochepa amayambanso kuzindikira adzukulu awo. Wokalamba aliyense amene wasintha chonchi, abale ake afunsidwe ngati anagwako miyezi iwiri kapena itatu yapitayo.

Tibwerere ku msana. Pansi pa timafupa 7 ta m'khosi pali mafupa 12 a pachifuwa ndi 5 a m'chiuno, ndipo mtsempha uja umathera pa loyamba kapena lachiwiri la m'chiunomo. Malo a m'khosi timawatchula ndi chilembo C, a pachifuwa ndi T, powerenga kuchokera kumtunda. Pamene dzanzi layambira pamatiuza pamene pavulala. Chala chachikulu cha dzanja ndi C6, cha kaniche C8, mzere wa mawere T4, mchombo T10. Lembani mzerewo pakhungu ndi cholembera, ndi nthawi yake, kuti wobwera pambuyo aone ngati ukukwera. Tisachite manyazi kuyeza potulukira chimbudzi, titamufotokozera kaye wodwala ndi womusamalira. Ngati akumvako kukhudza pamenepo kapena akutha kufinya, mtsempha sunadukiretu ndipo chiyembekezo chochira chilipo. Mnofu waukulu wopumira umalamulidwa kuchokera pa C3, C4 ndi C5, choncho wovulala khosi akhoza kupuma bwino lero n'kudzalephera tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kutupa kukakwera. Onani ngati akupumira m'mimba chifuwa chili duu, ndiponso ngati akutha kutsokomola. Mtsemphawu ukavulala kumtunda kwa T6, mitsempha ya magazi imamasuka, BP imatsika, mtima umagunda pang'onopang'ono, khungu lili lofunda. Wotaya magazi mtima wake umathamanga, khungu lili lozizira. Koma poti wakufa ziwalo samva kupweteka m'mimba, tiyambe taganizira za magazi. Zimenezo zikapanda kupezeka tisamudzaze malita ambirimbiri a dilipi, madzi angadzaze m'mapapo. Mtima ukatsika kwambiri atropine amathandiza, ndipo wotereyu malo ake ndi chipatala chachikulu.

X-ray ya khosi yojambula chammbali ioneke kuyambira C1 mpaka pamwamba pa T1. Chithunzi chothera pa C5 chifukwa cha mapewa chabisa malo amene amathyoka kawirikawiri, ndiye kokerani mikono pansi mofatsa n'kujambulanso. Mtsempha wopanikizika ukamasulidwa maola 24 asanathe mwayi wochira umakula, choncho wovulala Loweruka asadikire Lolemba. Ena amawakoka ndi zitsulo zogwira chigaza ndi zolemera kuti mafupa abwerere m'malo, ena amawaika zitsulo pa opaleshoni, ena kolala yolimba kwa milungu 6 mpaka 12 imakwana. Kukoka khosi kapena kuponda msana kumudzi kuti fupa libwerere ndiye kulumalitsa munthu. Ndipo wina akafa ziwalo atangogwa pang'ono, makamaka ngati wakhala akuonda, kutuluka thukuta usiku, kapena linunda layamba kutuluka pamsana, ganizirani za TB ya msana, imene ili ndi mankhwala.

Apa tikunenetsa: ambiri amene afa ziwalo samwalira ndi fupa lothyokalo. Amamwalira ndi zilonda za pabedi, matenda a chikhodzodzo ndi chibayo, ndipo zilondazo zimayamba tsiku loyamba, wodwala akasiyidwa pa thabwa maola ambiri. Akangofika n'kuyezedwa, achotsedwepo aikidwe pa matiresi olimba. Khungu losamva ululu silidandaula, ndipo maola awiri ogonera malo amodzi ndi okwanira kuyamba kuliwononga. Atembenuzidwe maola 2 aliwonse, usana ndi usiku, m'njira ija ya anthu anayi mpaka dokotala atalola zina. Ulendo uliwonse yang'anani pa fupa la pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene, mapewa ndi kunkhongo. Pakhungu lathu kufiira sikuoneka msanga, ndiye papasani ndi dzanja. Malo akuda kuposa ena, otentha kapena olimba, ndi chilonda chikuyamba. Musapatikite, ndipo asagonerenso pamenepo mpaka patabwerera mwakale. Mtsamiro ulowe pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Nsalu zikhale zouma, zopanda makwinya kapena nyenyeswa za chakudya, poti kutentha kwathu kwa mu Okutobala thukuta lokha limafewetsa khungu. Botolo la madzi otentha kapena mbaula pafupi ndi miyendo ayi, amapsa osadziwa.

Paipi ya mkodzo ilowe tsiku loyamba. Pambuyo pake njira yabwino ndi kuphunzitsa wodwala kapena womusamalira kulowetsa kapaipi koyera maola 4 mpaka 6 aliwonse n'kukachotsa, kuti mkodzo usapitirire mamililita 500 m'chikhodzodzo. Chimbudzi chikhale ndi nthawi yake yokhazikika, tsiku lililonse kapena kulumpha limodzi, mothandizidwa ndi masamba, zipatso, mgaiwa ndi madzi okwanira. Mfundo za manja ndi miyendo zipindidwe ndi kuwongoledwa tsiku lililonse kuti zisaume. Mwendo umodzi ukatupa akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, musautikite, pitani naye kuchipatala. Banja lililonse la wovulala kumtunda kwa T6 lidziwenso ichi. Mutu ukamupweteka mwadzidzidzi mogunda, nkhope ili thukuta kamukamu, mphuno zatsekeka, ndiye kuti BP yakwera moopsa, ndipo kawirikawiri choyambitsa ndi paipi yopindika kapena yotsekeka, kapena chimbudzi chouma. Mukhazikeni tsonga, masulani zovala, wongolani paipi, ndipo zikapanda kusintha m'mphindi zochepa thamangani naye.

Zopempha zathu sizifuna ndalama zambiri. Makhonsolo a Salima ndi Nkhotakota, pamodzi ndi mafumu, magulu a kabaza ndi makomiti a asodzi a m'madoko, akonze maphunziro a kanyamulidwe ka wovulala pa siteji iliyonse ya kabaza ndi pa doko lililonse. Ndi zinthu zophunzirika masana amodzi, pokhala chitseko ndi zitenje zingapo. Chipatala chilichonse cha m'mbali mwa M5 ndi M14 chikhale ndi thabwa lonyamulira, makolala a misinkhu yosiyana, tranexamic acid, ndi pepala la Glasgow Coma Scale lomatidwa pakhoma polandirira ovulala. A kabaza akhale ndi mahelemeti awiri, yawo ndi ya wokwera. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 pa 100, ndi cha kuvulala mutu ndi 69 pa 100. Koma ikhale helemeti yeniyeni ya njinga yamoto, yomangidwa lamba pansi pa chibwano moti n'kungolowa zala ziwiri basi. Chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba sichiteteza pa liwiro la njinga, yosamanga lamba imavuka munthu asanafike pansi, ndipo imene inamenyetsekapo mwamphamvu isinthidwe ngakhale kunja ikuoneka yabwino, chifukwa chofewa cha mkati mwake chinaphwanyika kale.

Ife,
Ogwira ntchito zachipatala okhudzidwa,
Salima